Mutu wa kafukufuku wandikanika, thandizeni

Tiya: Moni nonse a pagulu pano. Ndili chaka chachiwiri cha MMed ya maso, maphunziro a ukatswiri wa udokotala, ndipo pakutha pa mwezi uno ndiyenera kupereka mutu wa kafukufuku. Iwiri yabwezedwa kale. Woyamba unali wa glaucoma, matenda oononga mtsempha wa diso pang'onopang'ono. Ondiyang'anira anangofunsa kuti, "Odwala amenewa pakatha chaka mukawapeza kuti?" Ine kukamwa yasa. Wachiwiri unali wa maso a odwala shuga, akuti zimenezo ena anazifufuza kale mozama ku Blantyre ndi ku Zomba, ndikapanda funso latsopano ndingobwereza za eni. Masana onse ndimakhala ku kiliniki, masiku awiri pa sabata ku fiyeta, laputopu ndimatsegula usiku mutu utauma kale. Inu amene munadutsamo, mutu munautola pati?

Yamikani MBBS4: Achemwali, akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Inu iwiri yalephera kale, ndiye denga lake ndi lamalata ndithu 😂

Tiya: Iwe Yami, udzabwera ku rotesheni ya maso mwezi wa mawa, ndidzakuonetsa.

Yamikani MBBS4: Pepani pepani. Koma pofunsa zenizeni, kumaso kuli kafukufuku wanji? Kuno m'kalasi anthu amati ndi dipatimenti ya magalasi ndi ng'ala basi, ukafuna kuweruka msanga pita kumeneko.

Sisita NaBanda: Kuweruka msanga? Adzabwere tsiku la kiliniki ya ana adzaone nthawi imene timadya nkhomaliro.

Kondwani ku UK: Yami, ndikuyankhe ndi nkhani imodzi, mwina ithandizanso a Tiya. Ku Gulupu kuli wodi ya kafukufuku ya ana odwala malungo a mu ubongo. Ndi kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anapangira Blantyre Coma Score, muyezo wa mmene mwana wakomokera, imene ukuloweza panopa ku paediatrics. Vuto linali lakuti m'dera la malungo ambiri, mwana akhoza kukhala ndi tizirombo ta malungo m'magazi koma chimene chamukomola chili china. Mwana wakomoka, magazi aonetsa malungo, aliyense akulemba kuti malungo a mu ubongo. Ndiye kunabwera dokotala wa maso, Susan Lewallen, nayamba kudontheza mankhwala okulitsa kamwana ka diso n'kumasuzumira kuseri kwa maso a ana amenewa. Anapeza zinthu zimene sizioneka pa matenda ena: retina, kachikopa ka kuseri kwa diso kolandira kuwala, yoyera mawangamawanga, mitsempha ya magazi yosintha mtundu kukhala ya olenji kapena yoyera, ndiponso timadontho ta magazi toyera pakati. Pepala lake loyamba linatuluka mu 1993.

Chimene chinatseka pakamwa otsutsa chinadza mu 2004. Anayeza matupi a ana 31 amene anamwalira atalembedwa kuti ndi malungo a mu ubongo. Asanu ndi awiri mwa iwo anapezeka kuti anafa ndi zina. Ndipo chimene chikanasiyanitsa magulu awiriwa ana ali moyo chinali kuseri kwa diso. Lero aliyense wochita kafukufuku wa matendawa, kaya ali dziko liti, amayamba wafunsa ngati mwanayo ali ndi retinopathy, zizindikiro za kuseri kwa diso zija. Chida chake chinali ophthalmoscope, katochi kosuzumirira m'diso, ndi botolo la madontho. Kuno kumene ndili, ndikangoti ndine wa ku Malawi, madokotala a maso amayamba nkhani imeneyi ndisanakhale n'komwe pansi.

Yamikani MBBS4: Ndiye ndi uja mwambi wa kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndagonja.

Chimwemwe wa ku Mzuzu: Nkhani yokoma a Kondwani, koma tawerenganinso maina amene mwatchulawo. Wa kwathu ndi uti? Ine sindikunyoza ntchitoyo, ndi yaikulu. Koma ndinagwirapo pulojekiti ina, sinditchula dzina, miyezi isanu ndi itatu ndikuyeza maso a ana m'masukulu. Matchati ndinkanyamula ndine, kukambirana ndi a hedi ndine, kulowetsa manambala mu kompyuta ndine. Pepala litatuluka ndinadzipeza kumunsi kwenikweni, pa mzere wothokoza "gulu la kumunda". Kuyambira pamenepo munthu akandiuza za kafukufuku ndimayamba ndafunsa za alawansi, chifukwa ndiye phindu lokhalo limene ndimaliona.

Kondwani ku UK: Zimenezo zimachitika, sindingakane. Komatu maina a kwathu alipo. Ntchito yolimbana ndi trakoma, matenda a maso opatsirana ochititsa khungu, inatsogoleredwa ndi a Khumbo Kalua ndi bungwe la za maso la ku Blantyre la BICO pamodzi ndi unduna, ndipo mu September 2022 WHO inalengeza kuti Malawi wathetsa trakoma ngati vuto la umoyo wa anthu, dziko loyamba kumwera kwa Africa.

Chimwemwe wa ku Mzuzu: Eya, ndipo n'chifukwa chake ndimati zimatheka. Funso langa ndi la ife a pansi. Optometry, kosi ya oyeza maso ndi magalasi, ku Mzuzu inayamba mu 2008, tatuluka ambiri ndithu. Ndi angati mwa ife amene aitanidwa pa tebulo pamene funso la kafukufuku likupangidwa? Timaitanidwa mafomu atasindikizidwa kale.

Aphunzitsi: Ndalowa mochedwa, ndinali ndi mayeso a ophunzira. A Chimwemwe, dandaulo lanu ndi loona, ndipo mbali ina ya mlandu ndi yathu ife ophunzitsa. Malamulo a magazini a zachipatala amati kusonkhanitsa manambala kokha sikukwanira kuti munthu akhale mlembi, ayeneranso kutengako mbali polemba kapena kukonza pepalalo ndi kuvomereza lomaliza. Koma malamulo omwewo amanenanso kuti amene wagwira ntchito yoyambayo apatsidwe mpata wochita zotsalazo. Apa ndi pamene anthu amazembera. Sakutumizirani pepala kuti muwerenge, kenako n'kumati simunalembe nawo. Ophunzira anga ndimawauza kuti nkhani ya maina ikambidwe tsiku loyamba ndipo ilembedwe, anthu asanakwere galimoto yopita kumudzi. Imachititsa manyazi kuiyamba, koma manyaziwo ndi a mphindi zisanu.

Tiya: Nkhani yanga yabedwa anthuni 😭

Sisita NaBanda: Dikirani a dokotala, ikubwera. Bambo a ku Shire akulemba kuyambira kale, ndikuona timadontho.

Mkulu wa ku Shire: Zikomo sisita, zala zakalamba. Ana anga, ine ndinapuma ntchito. Ndinaphunzira za maso ku Lilongwe pa kosi ya ma clinical officer imene malemu a Moses Chirambo anailimbikira, aja anadzakhala nduna ya zaumoyo n'kutisiya mu 2010. M'kalasi tinali ndi anzathu ochokera maiko oyandikana nafe. Masiku amenewo madokotala a maso m'dziko lonse unkawawerenga ndi zala za dzanja limodzi, ndiye ng'ala zambiri ankapala ndi anthu onga ife.

Ndikufuna ndinene za kuchigwa. Tinkalandira maso oola. Munthu wabayidwa ndi tsamba la chimanga kapena la bango, kachilonda kakang'ono pa galasi la diso, koma pofika kwa ife diso lonse layera ngati dzira lophika. Tikafunsa ngati anathiramo kanthu, aliyense ankakana. Ife tinkangokalipa. A Paul Courtright ndi anzawo atayamba kufufuza ku Chikwawa m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti odwala zilonda za m'maso ambiri ndithu anali atayamba athira mankhwala achikuda. Koma chimene ndinaphunzirapo ine ndi kafunsidwe. Ukafunsa kuti, "Munapita kwa sing'anga?" munthu amamva ngati ukumuzenga mlandu. Ukafunsa kuti, "Poti diso linkawawa chonchi, kunyumba anakuthandizani ndi chiyani?" amafotokoza zonse, mpaka dzina la mtengo. Pambuyo pake anayamba kukhala pansi ndi asing'anga omwewo, kuwaphunzitsa maso amene ayenera kutumiza msanga kuchipatala. Ena a ife tinkaona ngati ndi kutaya nthawi. Tinalakwa.

Ndiye a dokotala a Tiya, funso lija linali pa benchi yathu zaka zonsezo, ife tikulikalipira. Inu pa benchi yanu mumakalipira chiyani?

Tiya: Bambo, mwandigwira pakhosi. Ndimakalipira anthu osabweranso. Timapala ng'ala, m'mawa mwake tichotsa bandeji, timuyeza, timupatsa madontho, timuuza kuti abwere pakatha masabata awiri, kenako asanu ndi limodzi. Ambiri sitiwaonanso.

Sisita NaBanda: Ndi zimene ndimafuna kunena. Kaundula ndimasunga ndine. Mzere wa tsiku loyamba umadzaza bwinobwino. Wa masabata asanu ndi limodzi umangokhala mbee, mwa apo ndi apo. Ndiye tikamanena pa msonkhano kuti zotsatira zathu n'zabwino, timakhala tikunena za ndani? Za amene abwera. Amene sanabwere sitikudziwa ngati akulima kumunda akuona bwino kapena ali m'nyumba diso litatupa.

Mwezi watha tinali ndi agogo ena a kumudzi, maso onse awiri ng'ala yokhwima, anabwera atagwira ndodo imene mdzukulu wawo ankakoka kutsogolo. M'mawa titachotsa bandeji sanaimbe, sanavine ngati amene mumawaona pa TV. Anayang'ana pansi, anagwira chitenje chimene anavala, n'kutembenukira mdzukulu uja: "Iwe, zaka zonsezi umandiveka chimenechi?" Chinali cha chipani chimene iwo sachifuna n'komwe. Wodi yonse inafa ndi phwete. Pa tchati cha E, nditawafunsa kuti miyendo ya tebulo yaloza kuti, anafika mzere wa 6/18, umene timati munthu akuona bwino, tsiku loyamba lomwelo. Koma tsiku lawo lobwerera linadutsa, sanaoneke. Diso lachiwiri likudikirabe.

Yamikani MBBS4: Mwina poti akuona, sakuonanso chifukwa chowonongera ndalama ya minibasi.

Chimwemwe wa ku Mzuzu: Kapena sakuona bwino ndipo akhumudwa. Ine ndimalandira otere. Anapalidwa kwina, kagalasi koika m'diso pochotsa ng'ala kanalowa bwino, koma mphamvu yake si yoyenera diso lawo chifukwa tsiku limenelo makina oyezera kutalika kwa diso sankagwira, anangoikidwa ka mphamvu ya aliyense. Munthu wotero magalasi okha amamukweza mizere iwiri kapena itatu pa tchati. Koma palibe anamuuza kuti akatha opaleshoni apite kwa wa magalasi. Kumudzi amakanena kuti, "Anandipala koma palibe chasintha," ndipo anzake asanu a ng'ala sabweranso.

Aphunzitsi: Onani tsono. Yamikani akuti sabwera chifukwa akuona, a Chimwemwe akuti sabwera chifukwa sakuona. Onse awiri akulankhula motsimikiza ndipo palibe ali ndi nambala. A Tiya, kafukufuku ndi ameneyo.

Ndipo ali ndi poimira. Muyezo wakale wa WHO umati mwa maso 100 opalidwa, osachepera 80 aziona 6/18 kapena kuposa, ndipo oona moipa kuposa 6/60 asapitirire asanu. Mu 2021 maiko anagwirizana ku World Health Assembly kuti tisamangowerenga anthu opalidwa, tiziwerenga opalidwa amene akuonadi bwino, ndipo chiwerengero chimenecho chikwere ndi mapointi 30 pofika 2030. Mzere wake unakwezedwanso kufika pa 6/12. Kafukufuku wa RAAB, wowerenga anthu akhungu ndi zoyambitsa khungulo, amene anachitika kuchigawo cha kumwera anaonetsa kuti pafupifupi theka la khungu mwa anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo ndi la ng'ala. Ndiye funso lakuti opalidwa athu akuona bwanji akabwerera kwawo si laling'ono.

Tiya: Ndiye nditenge mafayilo a zaka zisanu zapitazi ndione amene anabwera ndi amene sanabwere?

Aphunzitsi: Ayi. Mafayilo adzakuuzani zimene sisita akuuzani kale kwaulere. Ndiponso kumbukirani kuti zambiri za wodwala wa kuno zimalembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala, ndipo kabukuko kamapita naye kwawo. Muyambe ndi odwala atsopano. Tsiku lopala mulembe mudzi, mfumu, chipatala chaching'ono chapafupi, ndi manambala awiri a foni, ya mwini ndi ya womuperekeza. Amene sanabwere pa sabata lachisanu ndi chimodzi, muwatsatire kwawo ndi tchati, pinhole (kachida ka kabowo koonetsa ngati magalasi angathandize) ndi tochi.

Kondwani ku UK: Muonjezepo Arclight, kachida kosuzumirira m'diso kaja koyendera dzuwa kamene anakonza a ku St Andrews. Kamalowa m'thumba la malaya ndipo mukhoza kuona nako ngati kuseri kwa kagalasi kwachita chifunga. Komanso bwanji osapanga zazikulu? Zipatala zitatu, kumwera, pakati ndi kumpoto, n'kuyerekeza. Nkhoma yokha imapala anthu ochuluka kwambiri. Pepala lotero likhoza kulowa magazini yapamwamba.

Aphunzitsi: A Kondwani, mwakhalitsa kunja. Munthuyu ali ndi chaka chimodzi ndi theka, alibe galimoto, ali pa kolo sabata iliyonse yachitatu, ndipo logbook yake ya opaleshoni sinadzaze. Ndaona ophunzira abwino akuchedwa kumaliza ndi zaka ziwiri chifukwa cha mutu waukulu kuposa thumba lawo. Boma limodzi, kapenanso madera a zipatala zazing'ono zinayi zokha. Zikayenda, zipatala zitatuzo zidzakhala PhD yake.

Kondwani ku UK: Ndalandira chidzudzulo 😅 Koma ndinene chimodzi. Musaope zotsatira zosasangalatsa. Kafukufuku wa MORDOR anapatsa ana mankhwala opha mabakiteriya a azithromycin kawiri pa chaka ku Niger, Tanzania ndi kwathu ku Mangochi, ndipo ganizo lake linachokera ku ntchito ya trakoma. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa imfa za ana zitatsika ndi 13.5 peresenti maiko onse pamodzi, koma ku Niger zinali 18.1 pamene ku Malawi zinali 5.7 yokha. Nambala yaing'ono ya kwathuyo inathandiza kuonetsa kuti njirayi imapindula kwambiri kumene imfa za ana zili zochuluka zedi. Inunso mukapeza kuti osabwerawo akuona bwinobwino, ndi yankho ndithu. Zidzatanthauza kuti tikuvutitsa okalamba ndi maulendo amene akanathera pa chipatala chapafupi.

Mkulu wa ku Shire: Kumudziko musakalowe ngati mbala. Muyambe kwa a HSA, iwo akutengereni kwa amfumu. Mukukumbukira za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anafa chifukwa cha mphekesera. Mlendo wonyamula chikwama ndi tochi, wofunsa dzina la nkhalamba inayake, akhoza kuvutika. Ndiponso mukakafika musakayambe ndi kuti, "Bwanji simunabwere?" Mukatero adzakuuzani za maliro ndi mvula. Mukayambe ndi diso, muliyeze, mucheze. Chifukwa chenicheni chimatuluka pamene mukutsanzika.

China, muonetsetse amayi. Nkhalamba yaimuna imagulitsa mbuzi n'kukwera galimoto. Yaikazi imadikira kuti wina aiperekeze, ndipo woperekezayo ali ndi munda wake.

Tiya: Ndikulemba zonse bambo. Aphunzitsi, za ethics ndiyambe liti? Ndimamva kuti COMREC, komiti yovomereza kafukufuku ija, imafuna zinthu zambiri.

Aphunzitsi: Dzulo. Protocol, bajeti, kalata ya chilolezo yochokera kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma limene mukagwireko, ndi fomu ya chilolezo cha wodwala m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Pa fomu ya Chichewayo musathamange. Ophunzira ambiri amamasulira liwu ndi liwu usiku womaliza, zotuluka zake ngakhale ine sindizimva. Mukailemba mukawerengere munthu woyeretsa mu wodi kapena agogo anu, kenako muwafunse kuti abwereze zimene amva. Kumbukiraninso kuti odwala anu tsiku losaina amakhala asakuona, ndiye pafunika mboni ndi chidindo cha chala. Ndipo komiti idzakufunsani funso limene muyenera kuliganizira panopa: mukakapeza diso lili ndi vuto kumudziko, mudzatani? Simungangolemba nambala n'kubwerera. Ndalama yonyamulira wodwala wotero ikhale mu bajeti.

Sisita NaBanda: Pa fomupo musalembe kuti "kuchita opaleshoni ya diso". Anthu amamva ngati tikatulutsa diso, kuliika pa mbale, n'kulibwezera. Ndimafunsidwa zimenezi sabata iliyonse. Nenani kuti kupala ng'ala, ndi mmene eni ake amanenera.

Chimwemwe wa ku Mzuzu: A Tiya, mukafuna woyeza magalasi kumudziko ndilipo, tchuthi changa chili mu August. Trial set, bokosi la magalasi oyezera, ndili nayo yangayanga. Koma monga anenera aphunzitsi, tiyambe takambirana za maina.

Tiya: Dzina lanu lachiwiri, la sisita lachitatu poti kaundula ndi wawo, ndipo pepala mudzaliwerenga musanalione pa intaneti. Ndalemba pano pagulu kuti mboni zikhalepo.

Sisita NaBanda: Ine dzina langa pa pepala la Chingerezi? Ndiye ndikagule mafelemu atsopano.

Yamikani MBBS4: Nanga ine amene ndinabweretsa hypothesis ya minibasi?

Tiya: Iwe udzanyamula tchati ndi chingwe cha mamita sikisi. Ukalimbikira tidzaona.

Aphunzitsi: A Tiya, tsamba limodzi lokha pofika Lolemba: funso, anthu ake, chimene mukayeze, ndi ndalama. Mukapatse okuyang'anirani musanalembe china chilichonse. Akalibweza mubwere nalo kuno. Ndipo kafukufuku asakuiwalitseni manja. Mwapala maso angati nokha chaka chino?

Tiya: Ndikuchita manyazi kunena pagulu. Tunnel, kanjira kamene timacheka kotulutsira ng'ala, ikundivutabe, ndimalowa msanga m'diso ndiye iris, mbali yozungulira kamwana ka diso, imangotuluka.

Mkulu wa ku Shire: Mpeni mukuuimika kwambiri. Ugoneke, utsate kupindika kwa diso, ndipo muziuona ukuwala pansi pa sclera, choyera cha diso, nthawi yonse. Mukasiya kuuona mwalowa kwambiri. Pitani kwa ogulitsa nyama m'mawa, mupemphe maso a mbuzi kapena a nkhumba, musanakhudze munthu wina mupange matunnel makumi awiri.

Yamikani MBBS4: Pafupi ndi hostel pali wa kanyenya amene amapha mbuzi Loweruka lililonse. Mitu amagulitsa payokha koma maso ndikhoza kukambirana naye.

Tiya: Undipezere khumi. Uwaike m'botolo pa ayezi, osati mu freezer, ndipo umuuze asawaboole pochotsa.

Yamikani MBBS4: Mbuzi zake zimakhala ziwiri zokha achemwali. Maso anayi.

Sisita NaBanda: Bweretsa anayiwo. Microscope ya ku wet lab, chipinda chophunzirira opaleshoni, kiyi wake ndili naye, ndidzatsegula 8 koloko.